Njinga Yamoto Imene Inagona Kushedi

Chipatala cha Boma,
Lilongwe.
21 Malichi, 1960.

Okondedwa achimwene a Gervazio,

Ndikuyamba ndi kufunsa moyo wanu kumeneko ku Halale, inu pamodzi ndi alamu ndi ana onse. Kodi phazi lija linagweredwa ndi thumba la simenti linapola? Musamaliponde m'madzi a m'ngalande, ndipo likayamba kutentha mupite kuchipatala, musadikire.

Ife kuno kutauni tadzuka. Kumudzi amayi ali bwino, kungoti maso akunka nachita chifunga. Mvula yagwa yambiri, anthu ayamba kuotcha mondokwa. Koma chimene ndakhalira pansi kulemba ndi mlongo wathu Ursula, ndipo ndikupemphani muwerenge mpaka kumapeto musanandiweruze.

Mukukumbukira ndinakulemberani kuti anamupeza ndi chifuwa chachikulu. Wodi inali yodzaza, ena akugona pansi, iye ali ndi khanda kubere, mwamuna wake ali ku Joni. Ndinapempha adokotala kuti ndizikamubaya ndekha kumudzi, ndipo anavomera chifukwa ndinali ndi njinga yamoto. Anandikumbutsa chimene ndinaphunzira kale ku Zomba, kuti jakisoni ameneyu salumphitsa. Ukamudukiza, matenda amamuzolowera, ndipo pobwerera umakhala ngati ukubaya madzi.

Ndinkati ndikaweruka ndakwera, kudutsa pa Mitundu dzuwa lisanapendeke kwenikweni, kufika, kuwiritsa singano, kubaya, kubwerera. Pofika Khrisimasi masaya anali atabwerera, akusinja yekha, akunditukwana kuti dzanja langa ndi lolemera ngati la wobaya ng'ombe kudibi.

Kumayambiriro kwa Januwale ndinayamba kumva kaphokoso ku gudumu lam'mbuyo, kongoti kwe kwe kwe pa liwiro. Njinga inkayenda bwinobwino. Koma mumandidziwa, achimwene, kanthu kakang'ono ine sikandipatsa mtendere. Ndinkaona m'maganizo gudumu likuguluka pa chitsikirero, ine ndili m'dzenje, mankhwala atasweka. Ndinati ndiipereke msanga aione.

Alamu anu kunyumba kuno anati ndipite nayo kwa a Mikaili, makaniko amene amakonza njinga kuseri kwa mzikiti. Ndinakana. Kampani imene ndinagulako njingayo ili ndi lamulo loti munthu wina akangoigwira ndi sipanala, iwo achotsapo dzanja, chikawonongeka china n'zako. Ndinawauza alamu anu kuti makina a ku Mangalande sakonzedwa pansi pa mtengo wa mango. Mawu amenewo anawamva, ndipo mpaka lero sanandibwezere. Kukhala chete kwawoko kukundipweteka kuposa akadandinena.

Ndinapita nayo ku galaja ya kampaniyo, tsidya lija la mtsinje, kufupi ndi kumayadi. Mkulu wa amakaniko ndi mzungu, Bwana Paxton. Anapukusa gudumu, kumvetsera, n'kunena kuti kabelingi, kachitsulo kamene gudumu limazungulirapo, katha, aitanitsa kena. Kenaka anandifunsa m'Chinyanja chake chokhotakhota ngati ndikufulumira.

Achimwene, inu mukadayankha chiyani? Munthu wamkulu akakufunsa choncho pa ntchito yake sumukankha. Komanso pamenepo panali anthu, madalaivala ndi akapitawo a m'maesiteti, ndipo matenda a mlongo wako sulengeza pagulu ngati ukutsatsa nsomba. Ndinavula chipewa n'kunena kuti iyayi bwana, pamene mupeze mpata. Mumtima ndinkati wamva, aona yekha kuti munthu wa yunifomu ya chipatala sangakhale wopanda changu. Anagwedeza mutu, n'kuuza wantchito kuti aikankhire kushedi yakuseri.

Kuyambira pamenepo ndinasanduka mlendo wa pawindo. Ife sitilowa mu ofesi, timalankhula ndi kalaliki wawo, Redson, pa kawindo ka m'mbali. Ulendo woyamba anati sipeya yanyamuka ku Halale. Wachiwiri anati ili ku Limbe. Kenaka anati sitima yaima chifukwa madzi asefukira kumunsi. Tsiku lina nditakweza mawu pang'ono anaseka, nati adokotala, odwala anu mukawauza kuti adikire pabenchi amadikira, lero inunso lawani benchi, siluma. Madalaivala anafa nako kuseka. Inenso ndinaseka nawo, poopa kumukwiyitsa munthu amene wagwira njinga yanga.

Musaganize kuti ndinangokhala manja lende. Ndinabwereka njinga yakapalasa, koma ulendo umenewo sungaupite n'kubwera utaweruka, makamaka m'matope a chaka chino. Ndinkatha Lamulungu lokha. Basi ya ku Mitundu inatitimira kangapo mpaka analeka kuitumiza. Ndinapempha amayi kuti Ursula abwere pangolo adzakhale kwanga. Anakana. Anati mwana wamkazi wodwala sachoka pamudzi popanda mawu a mwini mbumba, ndipo mwini mbumba ndinu, ine ndine wamng'ono ngakhale ndivale zoyera. Anati akakafera m'njira kapena m'manja mwa alendo, adzakuyankhani chiyani? Ndinati ndikulembereni nthawi yomweyo, koma Redson anali atalumbira kuti Lachisanu njinga ituluka, ndipo ndinati ndisakudetseni nkhawa pachabe. Lachisanu limenelo linabala ana ndi adzukulu.

Lamulungu lililonse ndinkamupeza atatsikako pang'ono. Thukuta linabwerera. Anasiya kusinja. Kenaka tsiku lina amayi anandikokera kuseri kwa nkhokwe n'kundionetsa kansalu kamene anakapeza pansi pa mphasa, kali ndi magazi.

M'mawa mwake ndinapita ku galaja, ndipo sindinaime pawindo. Ndinalowa pakhomo lenileni. Ndinauza Bwana Paxton kuti ndabwera kudzatenga njinga yanga momwe iliri. Anafiira, nati ndikaituluka nayo ndisadzabwerenso kudzalira, lonjezo la kampani lathera pomwepo. Ndinati ndamva. Ndinaipeza kushedi pakati pa zinzake, itachita fumbi, nkhuku zitaikira zitosi pachishalo. Ndinaiponda kuti ilire, zii. Ndinati mwina petulo wauma. Ndinaikankha kuoloka mlatho masana dzuwa lili pamutu, amayi a pamsika akufunsana ngati adokotala akupita nayo kuchipatala kukaigoneka.

A Mikaili ndi bambo wachikulire, wachiyawo, wosachulukitsa mawu. Anaiponda kamodzi, n'kugwada, n'kumasula kachivundikiro ka m'mbali mwa injini. Kenaka anati adokotala, wodwala wanuyu wina anamuchita kale opaleshoni. Anandionetsa malo a magineto, kachipangizo kamene kamapereka moto ku pulagi. Munalibe kanthu. Munali chisanza chofutika kuti fumbi lisalowe.

Ndinabwerera tsidya lija nthawi yomweyo. Ndinkayembekeza kuti Redson akana kapena achita manyazi. Ayi ndithu. Anandifotokozera modekha ngati akuphunzitsa mwana wa sukulu. Anati pano sitiba, timabwereka. Njinga ya munthu amene wati akufulumira imakhala kutsogolo. Ya amene wati safulumira imapita kushedi, ndipo shedi ndiyo nkhokwe yathu. Anati m'nyengo ino azungu a fodya akukonzekera msika, sangadikire sitima, ndiye magineto anu ali pa njinga ya bwana wamng'ono wa esiteti ina ku Namitete, akuyendera zigafa. Akabwera atsopano tidzakubwezerani. Ndinafunsa kuti abwera liti. Anati katundu saitanitsa kamodzikamodzi, amadikira kuti zofunika zichuluke zidzaze bokosi, ndipo bokosilo silinadzaze. Ndiye kuti sitima ija inaima ndi madzi sinanyamulepo kanthu kanga. Pomaliza anati, nanga inu simunanene nokha kuti pamene tipeze mpata?

Ndinaima pamenepo ndikuwerenga mumtima majakisoni amene Ursula sanalandire, mpaka dalaivala wina anandigwira paphewa kuti ndisunthe afike pawindo.

Nditabwerera kuseri kwa mzikiti, a Mikaili anali atachotsa kale gudumu. Anati kabelingi kanathadi, mzungu sananame, ndipo anaikamo kena kamene anali nako m'chitini. Koma magineto alibe, ndipo muno m'tauni simungapezeke. Kenaka anandifunsa funso lomwe lija, ngati ndikufulumira. Ulendo uno ndinanena zonse, za chifuwa, za khanda, za kansalu kaja, pamaso pa atelala ndi osoka nsapato amene amagwira ntchito pamenepo. Palibe anaseka.

Anapukuta m'manja n'kulowa kumpanda kwa Shehe wa pamzikitipo, amene ali ndi njinga ya mtundu womwewo. Atatuluka anati Shehe wavomera kuti amasule magineto ake aike pa yanga, chifukwa mwezi uno ndi wa kusala kudya ndipo sayenda maulendo atali. Koma mwezi ukangooneka, pa chikondwerero chawo, ayenera kupita kwa anthu ake ku Salima, ndipo chipangizocho chibwerere kwa mwini wake. Chikondwererocho ndi sabata yamawa. A Mikaili anandichenjezanso kuti iwo sapanga zozizwitsa, njinga yagona nthawi yaitali pachinyontho, ndisaithamangitse.

Loweruka ndinafika kumudzi. Ursula anamva kulira kwa njinga ali m'nyumba, koma sanatuluke. Ndinamupeza atatsamira khoma. Achimwene, ndagwira ntchito imeneyi zaka zambiri ndipo ndimadziwa kuyang'ana wodwala nkhope yanga osasintha, koma pamenepo ndinayamba kufunafuna zinthu m'chikwama zimene ndinali nditazigwira kale m'manja. Pobaya ndinasowa mnofu. Iye anati bwanji lero dzanja lapepuka, kodi kutauni akukumana chakudya?

Khanda silinali naye. Analipereka yekha kwa msuweni wathu amene akuyamwitsa, popanda womuuza. Mbiya zake ziwiri zija zazikulu ndinaziona pakhonde la amayi. Nditafunsa, amayi anayang'ana kumbali, ndipo ndinazindikira kuti Ursula wayamba kugawa zake ngati munthu wotsanzika.

Ndayambanso kumubaya tsiku ndi tsiku. Lero m'mawa ndinawafotokozera adokotala zonse. Sanandikalipire, ndipo bwenzi zili bwino akadatero. Anati tipitirize, nthawi zina mankhwala amagwiranso, koma chofunika tsopano n'chakuti agonekedwe kuno, kumene angamupatse ena owonjezera ndi kumuyang'anira. Bedi lapezeka, ndipo alonjeza kundisungira masiku ochepa. Dzulo ndinawagwadira amayi. Yankho lawo silinasinthe. Akuti kalata yochokera kwa inu siikwana, chifukwa iwo sawerenga, ndipo amene angawawerengere ndine ndemwe amene ndikufuna kumutenga mwanayo.

Poyamba ndinkafuna kukupemphani chinthu chimodzi, kuti mupite ku sitolo ya zipangizo za njinga kumeneko mukandigulire magineto. A Mikaili akuti ku Halale ali mbwee m'mashelefu, ndipo ndalemba kuseri kwa pepalali zilembo zimene mukawaonetse. Muonetsetse kuti zafanana zonse, musalole kuti akupatseni ofananako. Ndalama ndidzakubwezerani. Pakuti a Shehe akatenga chuma chawo, ndibwereranso ku Lamulungu lokhalokha, ndipo kudukiza kwachiwiri Ursula sangakupirire.

Koma musatumize pa positi, ndipo musapatsire munthu. Bwerani nawo nokha.

Ndikudziwa kuti abwana anu sapereka tchuthi wamba, ndipo mukachoka malo anu angatenge wina. Ndaganizira zimenezo mpaka mutu kuwawa. Muwaonetse kalatayi ngati kungafunike. Ndipo akakufunsani ngati mukufulumira, musavule chipewa, muwauze kuti inde. Mawu anu okha ndiwo angamukweze Ursula pangolo. Mukafika pa depoti, mufunse njira ya kuchipatala, ndidzakunyamulani pa njinga mpaka kumudzi tsiku lomwelo.

Ponyamuka dzulo ndinamuuza kuti ndikulemberani, ndipo ndinamufunsa ngati ali ndi mawu. Ankapuma movutika. Kenaka anati ndikuuzeni kuti nsalu imene mumamutumizira pa Khrisimasi chaka chino musagule, ndalama yakeyo mukwerere basi.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa ana, ndi kwa onse a kwathu amene mumakumana nawo kutchalitchi. Muwapemphe amutchule Ursula m'mapemphero. Alamu anu kuno akupereka moni, ndipo akonza kale pogona panu. Mulungu akusungeni, akutsegulireni njira, ndipo akufikitseni iye akadali wotha kukuzindikirani.

Ndine mng'ono wanu,
Benedicto.