Zimene Dokotala Anandiuza za Opaleshoni ya Atate

Amayi, kumeneko mwaswera bwanji? Kuno ku Liwaladzi mwera wakhala ukuwomba kuyambira m'mawa, palibe bwato lomwe lalowa panyanja. Ndi masana tsopano, ndabisala kuseri kwa nyumba kuti ndikulembereni.

Chichokereni inu, mng'ono wanga Esinati anachira. Mwana ndi wamkazi, tinamutcha dzina lanu. Mpunga wa kudambo mbalame zinatithera, koma chinangwa chilipo.

Amayi, Atate akudwala. Maso achita chikasu, thupi lonse likuwayabwa, amadzikanda mpaka magazi. Ndinapita nawo kuchipatala chachikulu ku Lilongwe. Dokotala ananditengera pakhonde ndekha, n'kundiuza kuti ndi khansa, yatseka kanjira ka ndulu pafupi ndi chiwindi. Anati opaleshoni itheka, koma poona zaka zawo, kuwonda kwawo ndi kutupa kwa miyendo, ambiri otere sadzuka, ena amatsirizika chilonda chisanapole. Akapanda kuwang'amba, mpunga wa chaka chamawa sadzaulawa. Anati Atate asankhe okha. Ine ndinangothokoza n'kubwerera kwa Atate. Mukundidziwa, Amayi. Mafunso onse anandibwerera tili kale m'basi.

Nditawafotokozera azakhali, anandigwira pakamwa. Akuti wodwala sauzidwa za imfa, kumeneko n'kulaula, ndipo akamwalira mudzi wonse udzati ndawapha ndine ndi pakamwa panga. Choncho Atate akuganiza kuti akungokawachotsa kanthu, ngati mbedza m'kamwa mwa kampango. Dzulo amasoka ukonde uku akuimba. Ndinathawira kudambo kukalira.

Inu munkati munthu sakwezedwa bwato atamangidwa kumaso. Koma munkatinso mwana asamatsutse akulu. Ndigwire ziti, Amayi? Mukanakhalapo mukanawauza inu, mwa nthabwala zanu zija, iwo n'kumva osanjenjemera. Ine ngakhale kuwapempha sopo ndimachita manyazi. Lolemba tikukwera basi kubwerera ku Lilongwe kukachita opaleshoniyo, makhadi a chipani oonetsa pokwera ali kale m'thumba.

Ndikulonjeza, ndiwauza lero lomwe akangotha kumwa phala, azakhali asanabwere kuchokera kukwaya. Ondida andide. Akakana mpeni, ndidzawasamalira pano mpaka mapeto. Akavomera, ndidzagona pansi pa bedi lawo.

Chimodzi chokha ndikupempha: mukawaona akutulukira kumeneko, abwezeni. Musawayalire mphasa, Amayi, chonde. Ndikadawafuna.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Filesi

Loweruka, 2 koloko masana.