Anawachotsa Ntchito Atasiya Mowa

Lolemba, 11 Malichi

Abambo a Yerim afika masanasana atanyamula katoni. M'katonimo kapu yawo ya tiyi, masilipasi a ku ofesi, chithunzi cha Yerim ali wakhanda. Awachotsa ntchito.

Ndimatsuka kabichi wopangira kimchi, ndiwo zathu zowawasa zija. Madzi anasefukira mpaka pansi ine ndili chiimire.

Zaka zonsezi akugulitsira kampani ija zitsulo za makina, mzinda wonse wa Changwon anaupondaponda. Ndafunsa chalakwika n'chiyani, angoti, "Nkhani ya mowa." Alowa kuchipinda, atseka.

Lachiwiri, 12 Malichi

Ndadzuka ndi mkwiyo. Ndaphika msuzi uja wa nsomba youma wochotsa matsire, ngati m'mawa uliwonse, n'kuwatsitsira mbale mwamphamvu.

"Munapita kuntchito mutaledzera eti?"

"Mayi a Yerim, chiyambire Januwale sindinalawe ngakhale dontho."

Ndinaseka. Iwo sanaseke.

Akuti madzulo onse aja ine ndimati ali pa mowa wa soju ndi makasitomala, amakhala kuchipatala, pagulu la anthu osiya mowa. Adokotala anawauza kuti awa ndi matenda, chiwindi chayamba kale kuwonongeka, ayenera kugonekedwa mwezi ndi theka. Ndiye anapita kwa bwana Ma kukapempha tchuthi, n'kunena zonse mosabisa. Bwanayo akuti anangoti, "A Bong, chidakwa sindingachitume kwa makasitomala."

Bwana Ma yemweyu! Uja ankawatcha "thanki lathu", n'kumawakankhira matambula ake kuti amumwere pamaso pa alendo. Akumwa ankawasunga. Asiya, awathamangitsa.

Ndipo msuzi wanga akhala akungomwa miyezi iwiri osanena kanthu. Ine wochapa malaya awo, osazindikira kuti fungo linatha.

Lachitatu, 13 Malichi

Apongozi pafoni: "Mowa unayamba liti kukhala matenda? Bambo ake anamwa mpaka kumanda, koma sanakadziyalutse kwa abwana. Iwe, a kutchalitchi asamve zimenezi." Ndangoti chabwino amayi.

Lachisanu, 15 Malichi



Tinapita kwa loya wa milandu ya ntchito, Mayi Seok. Wamng'ono kwa ine, wolankhula mosazungulira. Anati funso lagona apa: anawachotsa chifukwa cha zomwe anachita, kapena chifukwa cha matenda omwe anaulula? Ngati ndi matendawo, tikhoza kukadandaula kuti ndi tsankho, ngati kuchotsa munthu chifukwa cha kulumala. Koma sanalonjeze kanthu. Akuti alipo anthu akangomva mawu oti mowa amati n'zofuna mwini wake.

Kenako anavula magalasi. "A Bong, kampani ikumba zonse. Pali chimene ndiyenera kumva kwa inu ndisanachimve kwa iwo?"

Ine ndinayankha msanga kuti palibe, sanajombepo, sanamenyepo munthu.

Abambo a Yerim anaweramitsa mutu. Akuti mu Januwale, atachoka ku nkhomaliro ya makasitomala ali oledzera, anawomba chitsulo cha m'mbali mwa msewu ndi galimoto ya kampani. Bwana Ma anakonzetsa galimotoyo mwakachetechete, apolisi osadziwa.

Loya anafunsa ngati anali okha.

"Ndinali ndi mwana wanga. Ndinakamutenga ku sukulu."

Chotupa chija pamphumi pa Yerim. Anandiuza kuti unali mpira. Ndinamupaka mankhwala ndikumunena kuti ndi wosasamala.

Sindikudziwa kuti ndinatsika bwanji masitepe. Pabasi tinakhala mipando yosiyana.

Loweruka, 16 Malichi

Ndinadikira abambo ake atuluke, ndinalowa kuchipinda kwa Yerim. Amawerenga. Nditangoti "mpira uja", anaika cholembera pansi.

"Adadi anakuuzani?"

Akuti abambo ake anagwada pamsewu pomwepo, akulira, kumupempha kuti asanene. Iye anawauza kuti akhala chete pokhapokha akapita kuchipatala, ndipo tsiku loyamba anawaperekeza yekha mpaka pakhomo. Mwana wa zaka khumi ndi zisanu, ali mu yunifolomu.

Ndinafunsa chifukwa chimene sanandiuzire ine mayi ake. 

"Amayi, inu mukanangowaphikira msuzi."

Sanalankhule mwachipongwe. Bola akanandilalatira.

Lamlungu, 17 Malichi

Kutchalitchi sindinapite. Ndasamukira kuchipinda kwa Yerim, ndikuyala pansi.

Lachiwiri, 19 Malichi

Bwana Ma waimba. Abambo a Yerim anakweza mawu a foni kuti nanenso ndimve. Mawu okoma ngati uchi: tisafike kumilandu a Bong, ndife pachibale. Mungolemba kuti mwasiya nokha, tikupatsani kangachepe. Za galimoto zija sizituluka. Ndiye kumapeto, "Lachisanu anyamata akonza kaphwando kotsanzikana, tikagwetse botolo lomaliza."

Ndinaganiza kuti ndamva molakwa.

Iwo anaimirira, foni ili patebulo, n'kuwerama ngati bwanayo akuwaona. "Bwana, mwandichotsa chifukwa cha mowa, ndiye mukundiitanira mowa? Za galimotozo zituluke. Ndikazinena ndekha." Anadula. Sindinawaonepo akudula foni bwana asanadule.

Masana anakasainira dandaulo kwa Mayi Seok. Loyayo wawachenjeza kuti nkhani ya ngoziyo ikhoza kugwetsa mlandu wonse, mwinanso chiphaso choyendetsera galimoto n'kupita. Iwo angoti zikhale choncho.

Ine sindikudziwa chomwe ndikufuna. M'mawa ndimafuna bwana Ma achite manyazi pamaso pa oweruza. Ndikaona mphumi ya mwana wanga ndimati kuwachotsa ntchito kwachepa. Ngati ndi matenda, ndikwiyire ndani? Nanga amene anatsegulira mwana chitseko cha galimoto anali matendawo?

Lachinayi, 21 Malichi

Tawaperekeza abambo a Yerim kuchipatala pa takisi, ine ndi Yerim. Pakhomo anesi anawalanda foni, lezala, ngakhale mankhwala otsukira m'kamwa, akuti muli mowa. Anaoneka ang'onoang'ono m'zovala zija. Anafuna kundigwira dzanja, ndinawapatsa chikwama. Yerim anawakumbatira. Za mlandu akuti tidikira miyezi.

Pobwerera tinakwera chikepe cha m'nyumba yathu yosanja ndi agogo a pakhomo loyandikana ndi lathu, aja nkhani sigona m'kamwa mwawo. Anayang'ana ine, anayang'ana Yerim.

"Abambo a Yerim sakuoneka popita kuntchito masiku ano. Awatuma kunja?"

Yankho ndinali nditakonza kale: ali ku mzinda wa Busan, za ntchito. Ndinaona Yerim pagalasi la m'chikepemo akuyang'ana nsapato zake, akudikira.

"Ayi agogo. Awachotsa ntchito. Ali m'chipatala, akudwala matenda a mowa."

Agogo anangogwiritsa thumba lawo la anyezi. Chikepe chinaima, anatuluka osatsanzika.

Yerim anatulutsa makiyi, anatsegula chitseko, n'kundifunsa ngati Lamlungu ndipita naye kukaona adadi ake. Ndamuuza afufuze nthawi ya basi.