Bokosi Lapita, Mwini Wake Watsala

Tranquebar,
Loweruka, 8 Okutobala 1796

Okondedwa achemwali anga a Birthe,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino pamodzi ndi ana ndi adzukulu onse kumeneko ku Faaborg. Ine kuno ndili bwino, kupatula mchenga umene wakana kutuluka m'khutu lakumanzere.

Ndiyambe ndi nkhani yowawa isanandivundire m'kamwa. Sitima ikadzafika musadzavutike kuimirira padoko n'kumasuzumira nkhope za anthu. Bokosi langa lilimo, koma mwini wake mulibe. Ndikudziwa kuti ndinalonjeza, ndikudziwanso kuti mwasesa kale chipinda cha malemu bambo ndiponso mwandilukira masokosi. Khalani pansi mumve kaye, kukalipa kubwere pambuyo.

Zaka makumi anayi ndi ziwiri ndakhala ndikukulemberani za nsalu, za tsabola ndi za kutentha. Mukafunsa za banja ndinkayankha kuti ndinakwatira malonda. Linali bodza, achemwali, bodza lonenepa. Mkazi ndili naye. Dzina lake ndi Pakkiyam, mwana wa asodzi, ndipo ukwati tinadalitsa zaka makumi atatu ndi chimodzi zapitazo m'katchalitchi ka kumudzi kwawo. Amalonda anzanga sanabwere, ati kunkanunkha nsomba.

Chizolowezi cha ife amalonda kuno n'chakuti munthu akakhuta amasiyira mkazi wakuno nyumba ndi mpunga wa chaka chimodzi, iye n'kukwera sitima kukayamba unyamata wachiwiri kwathu. Palibe amadabwa nazo. Kalata yanu ija itafika, yonena kuti tatsala awiri ndipo mwandisungira malo pafupi ndi manda a mayi, ndinati nanenso ndichite zomwezo. Ndinagulitsa nyumba yosungiramo katundu, ndinatsanzika oluka nsalu anga onse, kenaka ndinauza mkazi wanga. Iye ankapala nsomba, ndipo sanasiye.

"Chabwino, bambo," anatero. "Koma chikhothi chanu chofiira chija njenjete zadya. Mukakafa ndi chisanu musadzati sindinanene."

Sanalire. Ndivomere kuti zinandiwawa kuti sanalire. Ndi mmene ndilili ine.

Ndinakulemberani kale kuti kuno sitima imaima kutali, ndipo munthu amaipeza pa bwato losokedwa ndi zingwe, kudutsa mafunde atatu aakulu. Mkulu wa opalasa ndi Sinnappan, mlongo wake wa Pakkiyam, ndiye kuti alamu anga. Zaka zonsezi anditengera mitolo ya nsalu osanyowetsa ngakhale umodzi. Opalasawa ali ndi kakhalidwe kawo: mzungu wamwano amamugubuduza dala m'mafunde, kenaka n'kumuvuula kuti aphunzire kunena zikomo. Ine anali asanandichitepo.

Lolemba bokosi linapita bwinobwino. Lachiwiri ndinavala chikhothi chija, nsapato zapatchalitchi ndi wigi yanga yoyera, n'kukwera. Funde loyamba tinadutsa. Funde lachiwiri tinadutsa. Pa funde lachitatu ndinangoona nsapato zanga zili kumwamba, mutu uli pansi. Alamu anandikokera kumtunda ngati thumba la mchere.

"Pepani alamu, nyanja yadzuka ndi mkwiyo lero."

Ndinayang'ana nyanja. Inali phee ngati mkaka m'mbale.

"Mkwiyo wake uti, inu alamu?"

"Wam'kati. Sizonse zimakwiyira pankhope."

Lachitatu tinayesanso, ndipo ndinamwanso madzi pamalo omwewo. Wigi inapita osatsanzika. Amayi ogulitsa nsomba anaseka mpaka kugwira nthiti, wina n'kukuwa kuti, "Agogo, mwayamba kusamba kawiri pa sabata? Kwanuko akakuyesani mlendo!"

A kaputeni a sitima anatumiza uthenga wakuti iwo anyamuka Loweruka masana, poti mphepo za mvula zayandikira, ndipo sadikira nkhalamba yokonda kusambira. Lachinayi ndinayenda gombe lonse kufuna opalasa ena. Wina anati bwato likudontha. Wina anati mkono watupa. Wina anati agogo ake amwalira, agogo omwe ine ndinathandiza kuika m'manda zaka ziwiri zapitazo. Ndiye dzulo m'mawa ndinabwerera kwa alamu, n'kuwapeza akusoka bwato.

"Alamu, tilankhulane ngati akuluakulu. Wakutumani ndi mlongo wanu?"

Anaika chingwe pansi. Aka kanali koyamba kuwaona osaseka.

"Atangomva akhoza kundiswa mutu ndi munsi. Uja sangapemphe munthu kuti akhale, ngakhale nyumba ikupsa. Koma chinenereni za ulendo wanuwu, mpunga akuphika wa anthu awiri, wake akuthirira akhwangwala kuseri. Inu simunaone, poti mumadya mutaweramira mbale ngati ng'ombe."



"Kwerani," anatero. "Lero ndikufikitsani owuma ngati nsalu zanu. Kungoti mukamakwera sitima musayang'ane kumtunda."

Anasunga mawu awo. Mafunde onse atatu tinadutsa, ngakhale dontho silinandikhudze. Tinafika pambali pa sitima, ndinagwira makwerero a chingwe, phazi limodzi ndinaponda. Koma mukundidziwa, achemwali. Mayi akati usakhudze mphika, ndinkapsa chala tsiku lomwelo. Ndinacheuka.

Pamchenga panali kamunthu kakang'ono ngati njere ya tsabola, katanyamula chinthu chofiira m'mwamba ndi manja awiri. Chinali chikhothi chija. Ndinali nditachitaya pakhonde chili chonyowa. Iye anachiyanika, anasoka mabowo onse a njenjete, ndipo anathamanga nacho kugombe kuti mwamuna womuthawa asakazizidwe kwawo. Sankandiitana kuti ndibwerere. Ankaitana bwato kuti lidzatenge chikhothi.

"Alamu," ndinatero, "ndaiwala chikhothi."

"Nditume munthu akatenge?"

"Ndikatenga ndekha."

"Ndiye tibweranso kuno?"

"Palasani, musandifunse mafunso ngati abusa."

Titayandikira kumtunda, pa funde lomaliza lenileni, anandigubuduzanso. Ndinadzuka ndikulavula mchenga.

"Nanga iyi ndiye ya chiyani?"

"Yokulandirani, alamu. Mwayenda ulendo wautali."

Pakkiyam anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti, "Musachivale muli onyowa chonchi, ndavutika nacho." Basi, tinapita kunyumba.

Ndiye nkhani ndi imeneyo. Sitima ina idzabwera chaka chamawa, koma sindikunamizaninso: sindidzakwera. Zikuoneka kuti pansi pano sitidzaonananso, ndipo wolakwa ndine, si nyanja. Malo aja a pafupi ndi mayi mudzagonepo ndinu. Ndinu munawasamala mpaka tsiku lomaliza, pamene ine ndinali kuno kukangana ndi anthu za utoto wa nsalu. Ine andiika mumchenga womwewu, ndauzolowera kale kukoma kwake.

Zonse za m'bokosi ndi zanu. Tsabola mugawireko aneba, malaya anga mupatse aliyense wamimba yaikulu. Pansi penipeni mupeza nsalu yabuluu yamaluwa oyera. Imeneyo sindinaike ine. Anaika ndi Pakkiyam Lolemba lija, kuti ndikapatse alamu ake, poganiza kuti mwakhala mukumudziwa zaka zonsezi. Dzulo ndamuululira kuti simunamvepo dzina lake. Mpaka pano sakundilankhula, koma mpunga wake wadya wonse.

Masokosi aja tumizanibe. Nyengo ya mvula mapazi a Pakkiyam amazizira.

Kalatayi apita nayo kusitima ndi alamu Sinnappan, aiika m'chipewa chawo. Makalata sanyowetsa, amangonyowetsa achibale. Akuti ndikupatseni moni, ndipo mukhululuke.

Akukupatsani moni alamu anu a Pakkiyam. Sananene ndi pakamwa, koma aima pakhomo apa kudikira kuti aone ngati ndalemba dzina lawo. Akukupatsaninso moni adzukulu anu atatu, pamodzi ndi mayi wawo, mwana wathu mmodzi yekhayo, amene ali ndi chibwano chanu ndi ukali wanu womwe. Dzina lake ndi Birthe. Musaganize kuti ndinakuiwalani, achemwali. Dzina lanu laitanidwa m'nyumba muno tsiku lililonse kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi, kawirikawiri mokuwa.

Tsopano kalipani.

Ndine mlongo wanu wosamva uja,
Mads