Duwa Lanu la ku Thyolo Lapsa

Otilia,

Lole yotitengera kumsika wa thonje ku Chapananga yabwera msanga, ndiye sinditha kukudikirani. Mwinanso ndi bwino, poti pakamwa sindikanatha kunena.

Duwa lanu lomera pakhungwa, lija munachoka nalo kwanu ku Thyolo, ndalipsereza. Dzulo, inu mutapita kukagona kumaliro, ndinaona tizilombo toyera ngati ufa titadzaza kunsi kwa masamba. Ndinafuna kuti mudzapeze titatha, choncho ndinakapempha kwa achimwene, a Francisco, mankhwala otsala opopera thonje. Iwo anati, "Mphwanga, awa amagwetsa mbozi, nanga tinsabweto n'chiyani?" Tizilomboto tafadi. Koma masamba nawo achita zipsera zakuda, ndipo maluwa munkayembekeza aja afota asanamasule.

Ndalitsuka ndi madzi anu amvula a m'botolo, osati amchere a pamjigo aja. Ndalichotsa pawindo, lili pafupi ndi mtsuko pozizirirapo. Masamba opsawo musafulumire kudula. Tizilombo tikabweranso mupukute ndi kansalu ka sopo monga mumachitira muja. Ine ndinkakuonani, koma ndinkati njira yanuyo ndi yochedwa.

Pepani kwambiri. Ndikudziwa kuti m'nyumba muno chakwanu n'chokhachi, ndipo mwalisunga m'kutentha konse kuno.

Musanalitaye, tembenuzani khungwalo. Kumbali imene inayang'ana kukhoma kuli kamphukira kobiriwira, kochepa ngati njere ya mpunga, ndipo mankhwala sanafikepo. Ndibwera Loweruka. Mudzakalipire ine mmene mungathere, koma iko kalibe mlandu.

Ndine wanu,
Elisha