Dasom Akufuna Kubira

Lolemba, 3 Novembala

Mphepo. Sitinalowe m'nyanja. Mutu ukuwawa monga mwa masiku onse.

Dasom, mdzukulu wanga, wabwerera kuno ku chilumba cha Jeju ndi zikwama zonse. Ku mzinda wa Seoul zakanika. Digiri ali nayo, ntchito alibe. Makalata ofunsira ntchito walemba mpaka kutopa, mayeso olowera m'boma sanamuyendere. Waonda. Ndamuphikira msuzi wa ndere za m'nyanja, wadya.

Zilembo ndikulembazi anandiphunzitsa ndi iyeyo ali kamwana. Ine sukulu sindinapondeko, ndipo sindidandaula.

Lachinayi, 6 Novembala

Waulula. Akufuna kubira m'madzi nafe, kutola nkhono pansi pa nyanja. Kani miyezi yotentha ija ankaphunzira mobisa, mayi ake akudziwa.

Ndakana. Ndinabira zaka zonsezi, ngakhale ndili ndi pakati, kuti ana anga tsitsi lizikhala louma. Makutu anagonthera momwemo. Mudzi wonse ndinauuza kuti mdzukulu wanga ndi wa mu ofesi.

Iye akuti, "Agogo, mundisonyeze ofesiyo, mawa lomwe ndipita."

Mwano!

Lamlungu, 9 Novembala

Msonkhano wa gulu lathu. Lamulo ndi lakale: watsopano salowa m'madzi a mudzi uno pokhapokha amayi onse avomere. Manja onse m'mwamba. Langa pabondo.

Chunja, mnzanga wobira naye chiyambire utsikana, akuti, "Iwe Sunduk, wamng'ono m'gulu muno ali ndi zidzukulu. Tikafa nkhonozi azidzatola ndani, mizimu?" Ndati zizidzatolana zokha. Onse aseka. Dasom sanaseke.

Loweruka, 15 Novembala

Nkhono zambiri, mtengo woipa.

Dasom amatsuka mbale, amanditikita msana, koma mawu ake ndi "inde" ndi "ayi" basi. Mdzukulu wa Chunja naye, digiri ili m'kabati, akugawa katundu pa njinga yamoto ku Busan. Ana onse tinawakankhira kusukulu. Palibe anafunsa ngati mipando ya m'maofesi ikwane. Koma nyanja ayi.

Lachisanu, 21 Novembala

Amayi obira a mudzi wa kuseri kwa phiri amulandira Dasom. Ayamba mwezi wamawa.

Ndakhala pakhonde tsiku lonse. Ndiye kuti dzanja langa lija silinatseke nyanja. M'madzi alowabe, kungoti kutali ndi ine. Kumeneko madzi amakokera kunja, miyala yake sindiidziwa.

Munthu sabira yekha. Wina akatsika, mnzake amatsala pamwamba kudikira likhweru limene timaimba potulutsa mpweya. La Dasom adzadikira ndani? Mayi wosamudziwa, maso ali pa ukonde wake?

Watsopano amaona nkhono yaikulu mpweya utatha, n'kumati imodzi yokhayi. Mng'ono wanga anapita choncho. Sitinamupeze.

Chakudya sichinalowe.

Lamlungu, 23 Novembala

Ndapita kwa Chunja. Sindinapepese. Ndangoti tsiku lija dzanja linagwidwa ndi nyamakazi, tsopano likukwera bwinobwino. Akuti, "Nyamakazi yakoyo inafika mpaka kumutu." Kenaka akuti, "Nanga gonthi iwe, likhweru la mwanayo ukalimva?" Ndati maso ndili nawo.

Dasom ndamuuza: madzi osaya chaka chonse, wobira naye ndine, ndipo ndikati tuluka, atuluke. Akuti, "Ndamva, abwana." Kumwetulira koyamba chibwerere.

Lachiwiri, 2 Disembala

Tsiku lake loyamba. Amabira ngati bakha, matako m'mwamba. Ine ndatola zochepa. Akangotsika, mpweya umandithera ineyo ndili pamwamba.

Kumtunda, ukonde wake tinkhono towerengeka. Mwambo wathu, akuluakulu amaponyamo zawo kuti watsopano asapite kunyumba ndi manyazi. Chunja waponya, ena aponya. Ine ndati sindiponya, aphunzire.

Kunyumba pokhuthula wapeza pansi pa ukonde nkhono yaikulu ya chigoba chonyezimira, ya kumadzi akuya kumene iye sanafikeko. Akuti, "Agogo, nanga iyi?" Ndati mwina inalowa yokha.

Lamba wake wa zitsulo zomuthandiza kumira ndi wolemera kwambiri. Ndichotseko chimodzi asanadzuke.