Mfuti ya Malume Ili M'chikwama cha Ramsey

Chilomoni, Blantyre
9 Juni 2024

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino. Nanga bondo lija likukulolani kufika kudimba? Kuno tonse tilipo. Bambo a Olivia akupitabe kuntchito, ndipo mdzukulu wanu Olivia chifuwa chinamusiya. Chiperoni chokha ndiye chatikwana, zovala zikumatha masiku atatu pachingwe osauma.

Mudabwa kuti ndalemba kalata chonsecho foni muli nayo. Ndimakudziwani amayi, mukalandira foni mumakweza mawu mpaka wodutsa pamsewu amayankha nawo moni. Nkhani iyi ndi yanu nokha, n'chifukwa chake ndapatsira a Constance akwaya kuti akupatseni pamanja.

Nkhani ndi ya mwana wanu Ramsey ndi mfuti ya malemu malume a Chancy. Mukukumbuka tsiku logawa katundu wa malemu, akuluakulu atanena kuti mfuti imapita kwa mwana wa mlongo wake. Inu munaitenga ndi manja awiri n'kumupatsa Ramsey pamaso pa mbumba yonse, ine n'kululutira. Tonse tinkati ikhala kumudzi konko, yoopsezera anyani a m'phiri la Michesi monga ankachitira malume. Siinakhale. Anabwera nayo kuno ataimanga pakati pa mtolo wa nzimbe, ndipo nzimbezo ine ndinadya nawo osadziwa kanthu.

Miyezi yonseyi inali pansi pa bedi kwake ku Mbayani. Zinasintha mu Epulo, achifwamba aja atamutema pamutu n'kumulanda foni ndi zipangizo. Chichokereni kuchipatala, mfuti ija sasiyana nayo. Imathyoka pawiri, ndiye amaiika m'chikwama pamodzi ndi sowo ndi hamala, pamwamba n'kuphimba ndi ovolosi. Amayenda nayo tsiku lililonse kupita kushedi yake ya ukalipentala ku Ndirande, ndipo amakwera nayo minibasi, chikwama chili pamiyendo, anthu atadzazana. Mlamu wanga Lusiya ndi amene anandiuza, akulira.

Ndinapita kukalankhula naye. Anati mfutiyo ndi yake mwa mwambo, sanabe. Anatinso olemera a ku Namiwawa ali ndi mipanda, agalu, alonda ndi mfuti zomwe, nanga iye mutu wake ndi wadothi? Kunena zoona amayi, nditaona chipsera chija ndinamumvera chisoni, ndipo mpaka pano ndikumumverabe.

Koma ndinakafunsa kwa a Willard, oyandikana nafe, amene anapuma ntchito ya upolisi. Sindinatchule dzina, ndinangoti ndikufunsira mnzanga, ngakhale ndikuganiza kuti anandidziwa. Iwo anati chiphaso cha mfuti chimakhala cha munthu, sichilowa m'chuma cha masiye ngati khasu kapena njinga. Mwini wake akamwalira, mfuti imayenera kukasungidwa kupolisi, ndipo wofuna kuitenga apemphe chiphaso chakechake. Anati wopezeka nayo popanda chiphaso akhoza kukalowa ndende, ndipo kukhoti sakafunsa kuti malume ake anali ndani. Kabuku ka chiphaso cha malume kamene Ramsey amasunga ngati Baibulo kaja kalibenso ntchito. Ife tsiku lija tinkaona ngati tikumupatsa ulemu.

Tsopano chimene chandilembetsa ndi cha Lachiwiri lapitali. A Hawkins, mkulu wa mpingo wathu, anapangitsa zitseko zitatu kwa Ramsey, chimodzi n'kupindika. Anapita nacho kushedi masana, mawu n'kukwera pang'ono monga zimakhalira. Ramsey anawerama, anatsegula zipi ya chikwama, anachotsa ovolosi ija, kenako anawauza kuti abwereze zimene ananena. Sanaitulutse ayi. Koma mpope wa mfuti unkaoneka, ndipo anthu ogula matabwa anauona.

Amayi, ameneyu ndi Ramsey yemwe uja ankathawa tikamapha nkhuku. Sindikumudziwanso.

A Hawkins anafika kwathu chitseko chikadali panjinga. Anakana tiyi. Anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, n'chifukwa chake abwera kwa ine m'malo mopita kupolisi. Koma anati mwezi uno ukatha mfutiyo isanaperekedwe, akanena, pakuti sangakhale chete mpaka wina atafera chitseko. Ine sindinawatsutse.

Ndinabwereranso kwa Ramsey ndi bambo a Olivia. Anatimvera mpaka kumapeto, manyazi akuoneka, koma anakana. Anati ine ndine mlongo chabe, ndipo bambo a Olivia ndi mkamwini, za mbumba yathu sizikuwakhudza. Anati chimene anapatsidwa pamaso pa abale angachibweze kwa munthu mmodzi yekha, amene anamupatsa. Ndiye ndinu, amayi. Foni sikwanira, anatero yekha, kuti akufuna akuoneni.

Pempho langa ndi limodzi. Bwerani Loweruka la pa 22. Ndikudziwa kuti ulendo wa ku Phalombe kufika ku Limbe ndi wowawa pa bondo lanu, koma bambo a Olivia adzakuchingamirani padepoti, ndipo za ulendo musade nazo nkhawa. Mutenge kalata ya imfa ya malume, ili m'sutukesi yobiriwira ija. A Willard avomera kutiperekeza kupolisi, ndipo akuti munthu wobweretsa yekha samuona ngati wogwidwa nayo. Ramsey akafuna kudzapempha chiphaso chake pambuyo pake, adzapemphe mwa njira yake, sindidzamuletsa.

Ndikuuzeni poyera kuti musadzamve kwa ena. Mukapanda kubwera, sindidikira kuti a Hawkins apite okha, ndidzapita nawo. Ndikudziwa kuti Ramsey sadzandilankhulanso, ndipo kumudzi adzati Eliness anamangitsa mlongo wake. Ndi bwino ndizikamuonera kundende kusiyana n'kuti ndidzakugogodereni ndi uthenga woti wapha munthu. Koma tinayamwa bere limodzi, amayi. Musandifikitse pamenepo.

Mupereke moni kwa azakhali a Jennifer, kwa amayi aang'ono ndi ana awo onse, komanso kwa akazi a malemu malume, koma za mfutizi musawauze, ali ndi chisoni chokwanira kale. Bambo a Olivia akupereka moni. Lusiya akuti ndikuuzeni kuti wakuchapirani kale bulangete.

Ndikudikirani pa 22.

Ndine mwana wanu,
Eliness