Mafupa a m'galasi ku Mexico

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Ine ndabwerako ku Mexico kumene anatituma akuntchito, kungoti chifuwa chikundivuta.

Tsiku lomaliza anatitengera ku piramidi, chiphiri chomanga anthu akale. M'nyumba yosungiramo zakale pambali pake muli mafupa a munthu m'galasi, atapinda miyendo, timiphika kumutu. Anzanga ankangojambula. Ine ndinavula chipewa n'kukhala pansi ngati pamaliro, mpaka mlonda anandiuza kuti ndidzuke. Ndinamupempherera mwini mafupawo, Achemwali, munthu wosamudziwa Yesu. Kaya ndinalakwa? Mundifunsireko kwa abusa.

Kuno ku South B, kuchilendo kumene ndimakhala, ndikatseka chitseko palibe amene amagogoda. Chonde, zikadzandichitikira kuno, musadzandisiye m'manja mwa alendo. Mudzandigoneke pafupi ndi amayi.

Ambuye akusungeni.

Mlongo wanu,
Yohane